Ndodo ya Mang Teryo Inandipasulira Banja

1

Mkazi wanga Vangie anachoka pakhomo ndi mwana wathu nyengo ya mvula yamkuntho, ndipo mpaka lero sanabwerere. Sindinamumenyepo. Sindinamuzemberepo ndi mkazi wina. Mowa ndimamwa waulemu, wofika nawo kunyumba ndi miyendo yanga. Chimene chinandipasulira banja ndi ndodo yosewerera pulu, ndipo musathamangire kuseka, chifukwa ine misozi yake ikadali m'maso.

Dzina langa ndine Crisanto Manalang, koma mumzinda wa Angeles muno ndimadziwika kuti Santi wa masipeyala, chifukwa ndili ndi kasitolo ka zipangizo za njinga zamoto. Phindu la sitoloyo, kunena mosabisa, linkathera ku ndodo. Sindikunena zokhotakhota zimene zimakolekedwa pakhoma m'nyumba za pulu kuti aliyense azingotola ayi. Ndikunena zosemedwa ndi mmisiri mmodzi kusemera munthu mmodzi, za mtengo wouma zaka zambiri, zina zochokera ku nsanamira za nyumba zakale, zokongoletsedwa ndi zigoba za m'nyanja. Ndinazigulira kabati ya galasi n'kuiika pabalaza, pamalo pamene anzanga amapachikapo chithunzi cha ukwati.

Loweruka lililonse ndinkazitulutsa imodziimodzi n'kumazipukuta.

"Akazi anzanga aja wawasambitsa kale?" Vangie ankatero akudutsa ndi zochapa.

"Usadzazikhudze ine kulibe."

"Ndizikhudziranji? Sindidziwa n'komwe kuti kumutu kwake ndi kuti."

Ndipo zoonadi, chikwatiranireni sanagwirepo ndodo, ngakhale kusuzumira pakhomo la nyumba ya pulu. Ndinkangoti ndi khalidwe la mwana wamasiye woleredwa ndi azakhali opemphera a ku Tarlac, chifukwa ndi mmene anandifotokozera mbiri yake.

Kusewera kwenikweniko ine sinditha. Ndili ndi maso odziwa chabwino koma manja ngati nkhuni. Mwina n'chifukwa chake ndinkalambira madoda akale a masewerawa. Ndinkawagulira khofi ndi fodya kuti ndingokhala nawo pafupi n'kumamva nkhani zawo, zoona ndi zabodza zomwe.

2

Tsiku lina masana ndinalowa kwa Aling Pacing, mayi amene ali ndi nyumba ya pulu kuseri kwa msika, ndipo ndinapeza matebulo onse ataima. Anthu anali ataunjikana pa tebulo limodzi, ali chete ngati pa Misa. Amene ankasewera anali nkhalamba yowonda, ya shati yothetheka pakolala ndi masilipasi osiyana mitundu.

"Ndani ameneyu?" ndinanong'oneza mnzanga Rodel, woyendetsa njinga yonyamula anthu, amene nkhani za m'tauni zimamupeza asanasukusule.

"Pare, mnzanga, umadzitcha wodziwa mbiri koma osawadziwa Mang Teryo? Eleuterio Sunga ameneyu!"

Dzina limenelo ndinakula ndikulimva. Ankati munthuyu anasesa matebulo kuyambira ku Dagupan mpaka ku Manila, kenako anangosowa, ambiri n'kumayesa anamwalira.

Kamenyedwe kawo sindinakaonepo kwa wina aliyense. Anthu onse amasewera mkono ukulendewera molunjika pamwamba pa ndodo. Iwo chigongono chinkatulukira kumbali, ndodo n'kumayenda ngati akucheka thabwa. Amatero okhawo amene anayamba ali aang'ono kwambiri, tebulo likuwalekeza pachifuwa. Asanamenye mpira ankagogoda m'mphepete mwa tebulo kawiri ndi chala chaching'ono. Ndinayesera kwa miyezi pagalasi la kuchipinda, koma ndinkangooneka ngati nkhuku yothyoka phiko.

Ndiye panali ndodo yawo. Yakuda bii, ya mtengo wa kamagong, yopanda chokongoletsa chilichonse, pogwirira patasalala ndi thukuta la moyo wonse wa munthu. Nditaiona, zonse za m'kabati mwanga zinasanduka mipini ya tsache.

"Mang Teryo, nenani ndalama zimene mukufuna," ndinatero atamaliza kusewera.

Anaseka, mano otsala ochepa aja ali poyera. "Iho, mwana wanga, ndodo iyi sigulitsidwa. Idzapita kwa munthu wa m'nyumba mwanga, apo ayi idzalowa nane m'bokosi."

"Muli ndi ana?"

Anatola choko n'kumachitembenuza m'manja. "Tandigulire khofi, iho."

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka mchira wawo. Ndinkawanyamulira chikwama cha ndodo, ndinkawagulira mankhwala a chifuwa. Iwonso anandikonda kuposa ena onse, ndipo ankafunsa za kunyumba kwanga: mkazi amaphika chiyani, mwana ali kalasi yanji, akufanana ndi ndani. Ine n'kumadzimva kukoma kuti munthu wamkulu chotero akusamala za Santi wa masipeyala. M'kati mwa mtima ndinali ndi kachiwembu kanga: ngati ndodo idzapita kwa munthu wa m'nyumba mwawo, ndiye ndikhale ine munthuyo.

3

Mang Teryo ndinawaitanira chakudya chamasana Lamulungu lina. Vangie ndinangomuuza kuti kukubwera mlendo wolemekezeka, aphike sinigang, msuzi wowawasa wa nyama ya nkhumba. Anaphika akuimba.

Titalowa pageti, mwana wathu Tintin, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anathamanga kudzalonjera monga tinamuphunzitsira: kutenga dzanja la wamkulu n'kuligunditsa pachipumi kuti adalitsidwe. Mang Teryo anatambasula dzanja. Lisanafike pachipumi cha mwana, Vangie anatulukira kukhitchini n'kumukoka Tintin pamkono mwamphamvu moti mwanayo anakuwa.

"Lowa m'nyumba!"

"Vangie, wapenga? Awa ndi Mang Teryo!"

Kwathu kuno ngakhale chidakwa cha m'ngalande, chikakhala ndi imvi, umachigwira dzanja. Kukaniza mwana dalitso la wamkulu pakhomo pako ndi chipongwe chimene anthu amachikamba mpaka pamaliro pako. Vangie sanawayang'ane n'komwe alendowo. Anayang'ana ine, nkhope itayera ngati ufa.

"Santi, munthu uyu akadzalowanso pageti ili, ine ndidzatulukira pomwepo."

"Wakulakwira chiyani? Umawadziwa?"

"Ndanena."

Mang Teryo anavala chipewa chawo. "Usavutike, iho. Amayi a nyumba ndiwo eni nyumba." Anatembenuka n'kumapita pang'onopang'ono, chikwama cha ndodo chili kumsana. Manyazi anandigwira moti ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Ndinamufunsa Vangie mokalipa, ndinamufunsa monyengerera. Yankho linali limodzi: "Sindifuna anthu a pulu pakhomo panga." Sinigang uja anazizira mumphika osadyedwa.

4

Kenako kunabwera mphepo yamkuntho. Madzi analowa m'kachipinda kamene Mang Teryo ankachita lendi m'mbali mwa mtsinje. Ndinawapeza m'mawa atakhala patebulo, miyendo ili m'mwamba, akutsokomola, ndodo ataikumbatira pachifuwa kuti isanyowe.

Ndikanawapezera malo kwa Rodel. Ndikanawalipirira chipinda kwina. Zonsezi ndinaziganiza, koma ndinaganizanso kuti munthu akagona pansi pa denga lako wasanduka wa m'nyumba mwako. Ndinadziuza kuti Vangie ndi mkazi wachifundo, akaona nkhalamba yonyowa afewa mtima.

Ndinapita nawo kunyumba, ndipo Vangie anatipeza pabalaza ndikuwafunditsa bulangete. Sanakuwe. Analowa kuchipinda, ndipo ndinamva madirowa akutseguka ndi kutsekeka. Anatuluka ndi chikwama dzanja lina, Tintin dzanja lina.

"Vangie, kunjaku kukugwa mvula! Ndi masiku ochepa chabe, madzi akaphwa apita."

"Ndinakuuza, Santi."

"Ndiye undiuze chifukwa! Ndine mwamuna wako, si galu woti uzingomulozera!"

Anaima pakhomo, madzi akumuthira kumapazi. "Ukanandikhulupirira popanda chifukwa, ndikanakuuza chifukwacho."

Anapita kwa msuweni wake Lorna, amene ali ndi kalesitilanti pafupi ndi pokwerera majipu, magalimoto athu onyamula anthu. Ndinkaimba foni, osayankha. Ndinkapita, Lorna n'kundibweza pakhomo. Kunyumba ndinkangozungulira ngati nyerere pachiwaya, nsapato za Tintin zili pakhonde pomwe anazisiya. Mang Teryo ankakhala phee pabalaza, maso ali pa chithunzi cha kusukulu cha mwana wanga.

"Mang Teryo, chonde, ngati mukudziwa kanthu ndiuzeni," ndinawachonderera.

"Zimenezo ndi za mkazi wako, iho. Pakamwa panga sizidzatuluka."

5

Nkhani inali m'kamwam'kamwa msika wonse. Rodel ndiye anandibweretsera poizoni, atakhala pa kauntala ya sitolo yanga akudya mtedza.

"Pare, usakwiye, koma ganiza. Mkazi amadana ndi mwamuna chonchija pa chifukwa chimodzi chokha. Madala aja pa nthawi yawo anali tambala. Atsikana ankawathamangira tauni iliyonse, ena aang'ono kwambiri kwa iwo. Mkazi wako asanakumane nawe ankakhala kuti? Unafufuza?"

"Tseka pakamwa pako, Rodel."

"Ine ndatseka. Koma msika sunatseke."

Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Ndinakumbukira mafunso aja a zimene mkazi wanga amaphika, maso aja pa chithunzi cha mwana. Mutu unaleka kugwira. Ndinatseka sitolo dzuwa lili paliwombo n'kuthamangira kwa Lorna, ndipo ulendo uno sindinagogode.

Malo anali odzaza ndi madalaivala akudya. Vangie anali atanyamula mbale za mpunga.

"Undiuze pamaso pa anthu onsewa," ndinakuwa, "nkhalamba ija inali chibwenzi chako? N'chifukwa chake ukuthawa? Tintin ndi mwana wa ndani?"

Masipuni onse anaima. Tintin anali pakona akulemba za kusukulu, ndipo anamva mawu aliwonse. Vangie anaika mbale patebulo bwinobwino, osataya ngakhale kambewu kamodzi ka mpunga.

"Mawa masana ubwere nayo nkhalambayo kwa Aling Pacing," anatero motsitsa mawu. "Uitanenso msika wako wonsewo."

6

Sindinaitane munthu, koma Rodel anagwira ntchito yake. Nyumba ya pulu inadzaza mpaka pamawindo. Mang Teryo anakhala pampando wawo wa nthawi zonse, ndodo ili pakati pa miyendo.

Vangie analowa atavala diresi la kutchalitchi. Sanalonjere aliyense. Anapita pakhoma n'kutola ndodo ya aliyense ija, yokhota, yothothoka kunsonga, n'kuigubuduza patebulo kuti aone kumene yakhotera. Amuna ena anaseka.

"Amayi, kumutu ndi uko kowondako!" wina anakuwa.

Iye anayang'ana Mang Teryo. "Masewera amodzi okha. Woponya mpira wa naini m'dzenje wapambana. Mukapambana inu, mwana mumuona ndipo akugwirani dzanja. Ndikapambana ine, muchoke mumzinda uno ndipo musadzabwerenso."

Nkhalamba inagwedeza mutu. "Yamba ndiwe."

Aling Pacing anasanja mipira. Vangie anapaka choko, anawerama, ndipo chigongono chake chinatulukira kumbali. Chala chake chaching'ono chinagogoda m'mphepete mwa tebulo kawiri.

Kamenyedwe kamene ndinakayesera miyezi yonse ija pagalasi osakatha kanali m'mkono mwa mkazi wanga ngati anabadwa nako. Kuseka konse kunatha. Mdala wina wa pakona anadzilemba mtanda n'kunena mokweza: "Mayi Maria! Ndi kamtsikana ka pa kireti kaja!"

Mipira inabalalika ndi phokoso ngati la mfuti. Vangie ankazungulira tebulo osathamanga, mpira uliwonse n'kumalowa motsatana, woyera uja n'kumaima pomwe iye akuufuna. Ankalankhula akusewera, maso ali patebulo.

"Unafunsa ngati anali chibwenzi changa, Santi. Awa ndi bambo anga ondibereka."

Mpira unalowa.

"Anandichotsa sukulu ndili wamng'ono ngati Tintin. Ankandiveka riboni kumutu, n'kumandiimika pa kireti ya zakumwa tauni ndi tauni, kuti amuna akuluakulu azibetcha akuyesa apeza kamwana kopusa. Amayi ankalira, iwo n'kumati mwanayu ndi mgodi."

Wina unalowa.

"Tsiku lina tili ku Dagupan, ine ndikupambana, munthu wa kwathu analowa n'kuwanong'oneza kukhutu. Ndinawafunsa kuti, 'Tatay, bambo anga, kwagwanji?' Anandiyankha kuti chiyani? Auzeni anthuwa."

Mang Teryo anaweramitsa mutu. "Ndinati palibe. Ndinati maliza masewera."

"Tinasewera mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa mwayi unali mbali yathu. Amayi anali m'chipatala akuitana dzina langa. Pamene tinkafika n'kuti atawaphimba kale nsalu." Anapakanso choko. "Tsiku limenelo ndinaika m'manda anthu awiri. Sindinakunamize kuti ndine wamasiye."

Unatsala wa naini wokha. Anaumenya pang'onopang'ono, unagubuduka mtunda wonse wa tebulo n'kugwera m'dzenje. Mang Teryo sanadzuke n'komwe pampando. Palibe anaomba m'manja.

Pamenepo m'pamene ndinazindikiranso china. Nkhalambayi sinakonde Santi wa masipeyala chifukwa cha khofi wake. Inabwera mu Angeles ikudziwa kuti mwana wake ali kuti, ndipo ine ndinali mlatho wowolokera.

7

Ndinagwada pa simenti pamaso pa anthu onse. "Vangie, ndikhululukire. Sindinadziwe. Chonde, tiye kunyumba. Chilichonse chimene unene ndichita."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndikulumbira kuti ndinaona nkhope yake ikufewa. Mkazi wanga anali atatsala pang'ono kubwerera.

Ndiye Mang Teryo anadzuka. Anayenda mopepesuka kufika kwa mwana wawo, ndodo yakuda ija ataigoneka m'manja awiri.

"Evangelina, mwana wanga, ndikupita monga wanenera. Koma iyi ndi yako. Ndinaisungira iwe."

"Imeneyo ndi imene inali m'manja mwanu tsiku lija," Vangie anatero. "Sindiigwira ngakhale ndi chala."

Nkhalamba inaima kanthawi, misozi ikutsika m'makwinya. Kenako inatembenukira kwa ine, ndili chigwadire.

"Ndiye tenga iwe, iho. Ndiwe mkamwini wanga. Ndiwe wa m'nyumba mwanga."

Abale anga, ndikanakonda ndikanakuuzani kuti ndinaganiza. Sindinaganize. Ndodo imene ndinailota miyezi yonse ija inali pafupi ndi mphuno yanga, ikunyezimira, ndipo dzanja langa linanyamuka lokha. Ndinangozindikira zala zanga zitaizinga pogwirira posalala paja. Ndipo choipitsitsa n'chakuti mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe.

Nditakweza maso ndinapeza Vangie akuyang'ana dzanja langalo. Kufewa kuja kunali kutapita.

"Ndinkadikira kuti ndione chimenechi," anatero. "Nawenso ukanandiuza kuti ndimalize masewera."

Anabweza ndodo yokhota ija pakhoma pomwe anaitenga, n'kutuluka. Anthu anamupatukira njira. Ndinathamanga pambuyo pake ndikuitana dzina lake mpaka pamsewu, ndipo nditafika pamenepo m'pamene ndinaona kuti ndodo ija ikadali m'manja mwanga.

8

Mang Teryo anakwera basi m'mawa mwake, ndipo palibe akudziwa kumene anatsikira. Vangie akadali kwa Lorna. Tintin amaloledwa kundiona pageti Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi. Amandigwira dzanja n'kuligunditsa pachipumi mwaulemu, ngati mmene angachitire kwa mlendo aliyense, kenako amandifunsa ndi maso funso lija ndinakuwa pamaso pa madalaivala.

Za m'kabati zonse ndinagulitsa, kabatiyo ndinapatsa Aling Pacing. Ndinapita kukamuuza Vangie zimenezi ndikuyesa ndabweretsa nkhani yabwino. Anandimvetsera ali kuseri kwa geti, manja ali ndi thovu la sopo.

"Nanga yakuda ija?"

Ndinayamba kukanda m'mutu.

"Ili kunyumba," anadziyankha yekha. "Ukadzabwera ndi phulusa lake, tidzakhala pansi n'kukambirana. Usanatero usandivutitse."

Inu amene mukuwerenga, ndikudziwa chimene mukunena: tentha ndodoyo, chitsiru iwe, ukatenge banja lako. Inenso ndimadziuza zomwezo. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndavumbwa mpaka m'mafupa. Mukamaona mnzanu wa m'nyumba akudana ndi chinthu chimene inu mumachikonda, ndipo sakunena chifukwa, musathamangire kwa anzanu a pamsika kuti akumasulireni. Pali mabala ena amene munthu sawavundukula mpaka ataona kuti mwamusankha iye osafunsa umboni. Ndipo anthu amene timawalambira chifukwa cha luso la manja awo, sitifunsa kuti lusolo analipira ndani kunyumba kwawo.

Koma ndisadzionetse wanzeru pamaso panu, chifukwa nkhaniyi sinathe bwino. Dzulo ndinaitulutsa ndodoyo kuseri kwa nyumba. Ndinasonkha nkhuni, ndinathira palafini, moto unayaka bwinobwino. Ndinaigwira pamwamba pa malawi mpaka tsitsi la pamkono linapserera, ndikutchula dzina la mkazi wanga ndi la mwana wanga kuti andipatse mphamvu. Ndinalira ngati mwana. Moto unayaka, unachepa, unazima, zala zanga osatambasuka.

Lero ndagulanso palafini wina. Ngati mumapemphera, ndipemphererani kuti ulendo uno dzanja langa limvere.